Chizimalupsa chisakunamizeni

Mayi wina wa ku Mtunthama wandilembera imelo. Akufuna kumanga khitchini pomwe pali maluwa a hibiscus ndi bougainvillea a zaka 6, ndiye akuti asamutse liti. Mayi, mwanditokosa pachilonda.

Ine ndinapha hibiscus wa malemu mayi anga. Anali wofiira, wamtali kupitirira zenera, wokulira madzi otsukira mbale. Titaganiza zokuza khonde, mmisiri anatulukira njerwa zili kale pangolo, amvekere maluwawa achoke lero. Unali Okutobala. Mukuudziwa Okutobala wa ku Kasungu, mchenga wootcha mapazi. Usiku wake kunali kutagwa chizimalupsa, ine n'kumati basi dzinja lafika. Ndinakumba ndi khasu, kukoka mwamphamvu, dothi lonse yoyoyo, mizu n'kutsala pamtunda. Mvula sinabwerenso. Ndinkapita ku mjigo m'mawa ndi madzulo, koma masamba anafota ndithu, chiswe n'kudzamalizitsa. Azakhali atabwera anangoyang'ana chitsacho, osanena kanthu. Bola akanandikalipira.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ndinakulira m'fodya. Bambo sankawokera pa mvula yoyamba. Ankayamba apisa dzanja m'nthaka kuti amve pomwe chinyezi chalekeza, ndipo mbande ankazichepetsera madzi ku nazale kuti zikhwime. Mlimi aliyense wa ku Chamama kapena ku Santhe amazidziwa zimenezi. Koma zikafika pa maluwa, timaiwala zonse n'kuthamangira pa intaneti, pomwe amatiuza kuti tisamutse nyengo yozizira. Amenewo ndi malangizo a ku England, kumene zomera zimagona m'chisanu nthaka ili yonyowa. Kuno Juni ndi Julaye kumazizira inde, koma pansi ndi gwaa, ndipo kutsogolo kuli dzuwa lokhalokha mpaka Novembala. Amene ali ndi mpopi wosauma ayese. Enafe ayi. Ndipo amisiri awa, changu chawo chimakhala pogwetsa basi, pomaliza khonde lija panapita miyezi inayi.

Tsono yankho lanu, mayi

Dikirani mvula ikhazikike, pakati pa Disembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale. Kukatsala mwezi umodzi kapena iwiri, chekani mizu ndi fosholo mozungulira, pafupifupi theka la mita kuchokera patsinde, kuti timizu tatsopano tiphukire pafupi. Dzenje latsopano likumbidwe kaye. Phatani nthambi ndithu, osamva chisoni, chifukwa mizu yotsalayo singamwetse masamba onse. Nyamulani ndi dothi lake mutakulunga m'thumba, madzulo kapena kuli mitambo, ndipo musakwirire mozama kuposa mmene analili. Kukachita ng'amba mu Januwale, thirirani.

Bougainvillea ndiye amadana kwambiri ndi kugwedezedwa mizu. Dulanipo tinthambi tingapo mubzale m'machubu, mwina wamkuluyo angakane. Mmisiri wanuyo mumuuze ayambe waumba njerwa.