Magwero 30 agonja kwa magwero 12: oweruza a mpikisano wa mbiri amayang'ana chiyani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mphunzitsi wa mbiri ku sekondale. Akuti chaka chatha ophunzira awo analowa mpikisano wa kafukufuku wa mbiri yakale. Gulu lawo linali ndi magwero (mabuku, zikalata ndi zina zotengamo umboni) oposa 30 ndi chionetsero chokopa maso, koma linagonja kwa gulu lomwe linali ndi magwero 12 okha. Chaka chino iwowo apemphedwa kukaweruza m'chigawo china, kwinaku akukonzekeretsa ana ena. Akufunsa zinthu ziwiri: angawaphunzitse bwanji ana kusiyanitsa gwero lodalirika ndi losadalirika, nanga oweruza amayang'ana chiyani kwenikweni?

Aphunzitsi, zikomo potilembera. Mafunso anu awiriwo yankho lake ndi limodzi. Woweruza wodziwa ntchito sayamba n'kuwerenga kuti magwero alipo angati. Amafuna kuona ngati mwanayo anayamba walifunsa mafunso gwero lililonse asanalikhulupirire, komanso ngati umboniwo ukuchirikiza mfundo imene mwanayo akuinena yekha. Ntchito ya ana anu sitinaione, koma nthawi zambiri mndandanda wautali umagonja chifukwa magwero ambiri amakhala akungobwereza zimene linanena gwero limodzi.

Vuto limayambira pa mutu. "Kumira kwa Titanic" si funso la kafukufuku, ndi dzina la nkhani chabe, ndipo mwana amene wasankha mutu wotere amangofotokoza zimene zinachitika kuyambira m'mawa mpaka usiku. Muuzeni aupanikize mutuwo mpaka usanduke funso loti anthu awiri anzeru angatsutsanepo. Mwachitsanzo: sitimayo inali ndi mabwato opulumukira 20, okwana anthu pafupifupi 1,200, pomwe inanyamula anthu oposa 2,200. Kodi ngoziyo inasintha bwanji malamulo a chitetezo cha panyanja, poganizira kuti pangano loyamba la mayiko pa nkhaniyi linalembedwa mu 1914? Funso lotere limamuuza yekha mwana zikalata zoti asake ndi zoti azisiye. Akatha kuwerenga kwa masabata awiri kapena atatu, alembe yankho lake m'ziganizo ziwiri. Yankholo ndiye mfundo yaikulu ya ntchito yonse, ndipo aloledwe kulisintha umboni ukamutsutsa.

Tsopano magwerowo. Mapepala a mpikisano amawagawa pawiri, primary ndi secondary. Oyambawo ndi zimene zinapangidwa pa nthawi ya nkhaniyo kapena ndi munthu amene analipo: makalata, nyuzipepala za tsikulo, zithunzi, zolemba za m'khoti, malipoti a boma, mapu, mawu a mboni. Achiwiriwo ndi zimene ofufuza analemba pambuyo pake ataunika oyambawo. Ana ambiri, ngakhale aphunzitsi ena, amaganiza kuti gwero la nthawi yomweyo ndiye loona basi. Apa mpomwe ntchito zambiri zimagwera.

Nkhani ya Titanic yomweyo ikuonetsa bwino. Sitimayo inamira m'bandakucha wa pa 15 April 1912, ndipo anthu pafupifupi 1,500 anafa. Koma tsiku lomwelo nyuzipepala zina zinalemba kuti onse apulumuka ndipo sitimayo ikukokedwa kupita kudoko, chifukwa mauthenga a wayalesi anasokonezeka. Nyuzipepala zimenezo ndi magwero a nthawi yomweyo ndithu, koma ndi umboni wa chisokonezo cha tsikulo, osati wa chiwerengero cha opulumuka. Gwero limodzi likhoza kukhala lachabe pa funso lina n'kukhala lamtengo wapatali pa funso lina.

Palinso china chozama. Ena mwa opulumuka, kuphatikizapo Jack Thayer wa zaka 17, ananena kuti sitimayo inathyoka pawiri isanamire. Charles Lightoller, amene anali wamkulu pa akuluakulu a sitimayo omwe anapulumuka, anaumirira kuti inamira yathunthu, ndipo bungwe lofufuza la ku Britain linagwirizana naye. Kwa zaka 73 maganizo amenewo ndi omwe anali ndi mphamvu, kufikira mu 1985 pamene gulu la Robert Ballard ndi Jean-Louis Michel linapeza sitimayo pansi pa nyanja ili m'zigawo ziwiri zotalikirana mamita pafupifupi 600. Apatseni ana nkhaniyi m'kalasi, koma musafulumire kuwauza mathero ake. Afunseni: usiku wopanda mwezi, magetsi a sitima atazima, munthu amene akulimbana ndi madzi ozizira akanaona zingati? Nanga n'chifukwa chiyani ofufuza anakhulupirira wa yunifolomu kuposa anthu wamba? Kodi wantchito wa kampani ya sitimayo anali ndi chifukwa chosafunira kuti anthu aganize kuti sitimayo inali yofooka? Funso lomalizali silitanthauza kuti ananama. Limangomuphunzitsa mwana kuti mboni iliyonse inaima penapake, ndipo pamene inaimapo pamaoneka zina, zina siziwoneka.

Choncho gwero lililonse lilembedwe pa kadi yake kapena tsamba lake, ndipo mwana ayankhe: analemba ndani, liti, ali kuti, akulembera yani, ndipo ankafuna chiyani? Panapita nthawi yaitali bwanji pakati pa chochitikacho ndi kulembako? Chikalatachi chafika bwanji kwa ife, ndi chenicheni, chokopera, chomasuliridwa kapena chodulidwa? Pomaliza, ndani wina amene akunena zofanana, ndipo iyeyo anazidziwa payekha? Pa kadi yomweyo alembe tsamba la buku, tsiku limene anatsegula tsamba la pa intaneti, ndipo mawu aliwonse otengedwa ndendende awaike m'zizindikiro zogwira mawu nthawi yomweyo. Kuba mawu a eni kwambiri sikuchitika mwadala: mwana amakopera ndime mu February, pofika April waiwala kuti si yake.

Mawu akuti "payekha" aja ndi ofunika kuwatsindika. Mu April 1983 magazini ya ku Germany ya Stern inalengeza kuti yapeza mabuku pafupifupi 60 amene Adolf Hitler ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, ndipo inalipira mamaki (ndalama za ku Germany pa nthawiyo) oposa 9 miliyoni. Katswiri wa mbiri wotchuka, Hugh Trevor-Roper, poyamba anawavomereza. Akatswiri a kalembedwe ka pamanja anayerekezera zolembazo ndi zitsanzo zina n'kupeza kuti zikufanana, osadziwa kuti zina mwa zitsanzozo zinalembedwanso ndi wachinyengo yemweyo, Konrad Kujau. Bodza linayerekezedwa ndi bodza linzake, ndiye zikanalephera bwanji kugwirizana? Patangopita masabata ochepa, akatswiri a boma atayeza mapepala, inki ndi ulusi womangira mabukuwo anapeza kuti zinapangidwa nkhondo itatha, komanso kuti zambiri zinakoperedwa m'buku lina losindikizidwa kale, pamodzi ndi zolakwika zake zomwe. Masamba 10 a pa intaneti onena chinthu chimodzi m'mawu ofanana ndi mboni imodzi, osati 10. Mwana awatsate m'mbuyo mpaka apeze kumene onsewo anatunga.

Pa za intaneti tisachulukitse. Wikipedia ndi khomo, si gwero loika pa mndandanda: mwana atsike kumunsi kwa tsamba, aone mabuku otchulidwawo, akawasake ku laibulale. Asaweruze tsamba poona kukongola kwake kapena zimene likudzinenera lokha. Atsegule tsamba lina, afufuze zimene ena akunena za mwini tsambalo. Sam Wineburg ndi Sarah McGrew a ku yunivesite ya Stanford ku United States atayerekezera akatswiri a mbiri, ophunzira a ku yunivesite ndi anthu ogwira ntchito yotsimikiza nkhani, anapeza kuti omalizawa ndiwo ankafika pa yankho lolondola msanga, chifukwa ankachoka pa tsambalo mofulumira kukafunsa kwina. Zithunzi azifufuze ndi TinEye kapena Google Lens kuti aone kumene zinayambira, ndipo akumbukire kuti kusintha zithunzi sikunayambe ndi kompyuta: Nikolai Yezhov, yemwe anali mkulu wa apolisi achinsinsi ku Soviet Union, anafufutidwa pa chithunzi chimene anali pambali pa mtsogoleri wa dzikolo, Stalin, atachotsedwa pa udindo n'kuphedwa mu 1940. Mapulogalamu ngati ChatGPT nawo amatha kupeka mutu wa buku, dzina la mlembi ndi nambala ya tsamba zooneka zenizeni. Lamulo likhale lakuti gwero limene mwana sanalitsegule ndi kuliwerenga yekha lisalowe pa mndandanda.

Kucheza ndi mboni yamoyo n'kopindulitsa kwambiri, bola kuchitike mwadongosolo. Mwana apemphe chilolezo chojambula mawu, alembe tsiku ndi malo, afunse kuti munthuyo anali ndi zaka zingati pa nthawiyo, ndipo asiyanitse zimene anaona ndi maso ndi zimene anamva kwa ena. Mafunso asakhale omuikira yankho m'kamwa. "Tsikulo munali kuti?" ndi funso labwino kuposa "Munachita mantha kwambiri, eti?" Dziwaninso kuti kucheza ndi pulofesa wa mbiri amene sanalipo ndi gwero lachiwiri, ngakhale mwana atajambula yekha. Oweruza amazipeza kawirikawiri zimenezi zitaikidwa mbali yolakwika.

Tibwere ku kuweruza. Mpikisano uliwonse uli ndi malamulo ake, ndiye werengani anu mpaka kumapeto musanaone ntchito ya mwana aliyense. Chitsanzo chodziwika ndi National History Day ya ku United States, yomwe inayamba mu 1974 ku Case Western Reserve University mumzinda wa Cleveland. Kumeneko ana amasankha kulemba nkhani, kukonza chionetsero, filimu, sewero kapena webusaiti. Nkhani yolembedwa imakhala ya mawu 1,500 mpaka 2,500, filimu ndi sewero sizipitirira mphindi 10, ndipo chionetsero chimaloledwa mawu 500 okha olembedwa ndi mwanayo. Ntchito iliyonse imabwera ndi pepala lofotokoza mmene kafukufuku anayendera, losapitirira mawu 500, ndi mndandanda wa magwero pomwe pansi pa lililonse mwana amafotokoza mwachidule mmene linamuthandizira. Pa fomu ya oweruza, magawo 80 pa 100 ali pa kulimba kwa mbiriyo, 20 okha pa kaonekedwe ndi kumveka bwino. Ngati fomu ya mpikisano wanu inali yotere, chionetsero chokongola cha ana anu chija chinkalimbirana gawo laling'onolo.

Mukakhala pa mpando, yambani ndi mapepala, osati chionetsero. Mndandanda wa magwero umaulula zambiri m'mphindi zitatu. Ngati pansi pa gwero lililonse palembedwa kuti "linandipatsa zambiri zothandiza", dziwani kuti mwina silinawerengedwe. Ngati palembedwa kuti "lipotili linalembedwa ndi mbali imodzi ya mkanganowo, ndiye ndaliyerekezera ndi kalata ya mbali inayo", mwapeza wofufuza. Kenako sakani mfundo yaikulu. Mukalephera kuipeza m'mphindi imodzi, mwina palibe. Mukaipeza, tengani mfundo ziwiri kapena zitatu za m'kati, muzilondole mpaka ku gwero lake, muone ngati gwerolo likunenadi zimenezo. Onaninso ngati mwana waika nkhaniyo m'nthawi yake, kuti zisanachitike zinthu zinali bwanji ndipo zitachitika chinasintha n'chiyani, komanso ngati mawu a anthu a mbali zosiyana akumveka. Ntchito yodzaza ndi mawu ogwidwa a akatswiri, pomwe mwini wake sakunenapo kanthu, siyenera kupambana ngakhale mawuwo atakhala olondola onse.

Oweruza amakhala awiri kapena atatu pa gulu. Musanayambe, unikani limodzi ntchito imodzi, aliyense aike malikisi payekha, kenako mukambirane pamene mwasiyana. Mukapanda kutero, wina amakhala wowolowa manja, wina wouma, ndipo mwana amapambana kapena kugonja malinga ndi tebulo limene anagwera. Mukamaliza zonse, bwererani ku ntchito ziwiri zoyambirira, chifukwa muyeso umasuntha tsiku likamapita. Ntchito ya mwana wa pasukulu panu kapena wachibale musaiweruze, nenani msanga kwa okonza mpikisano.

Pocheza ndi anawo, samalani ndi mwana wolankhula bwino. Kulimba mtima pakamwa si umboni, ndipo wamanyazi akhoza kukhala amene anawerenga kwambiri. Musawayese ngati mayeso a masiku ndi zaka. Funsani: ndi gwero liti limene linakusinthitsa maganizo? Ndi liti limene unalikayikira, chifukwa chiyani? Ndi mawu a ndani amene unawasaka koma sunawapeze? Mwana amene anachita yekha ntchitoyo amayankha mafunso amenewa mosavuta, mwinanso mosangalala. Amene anachitiridwa ndi kholo kapena kompyuta amabwerera ku zimene analoweza. Ngati ndi gulu, funso lililonse lipite kwa mwana wina ndi wina, osati kwa mtsogoleri yekha.

Mukaganizira kuti pali kuba mawu, musamuyalutse mwana pagulu. Lembani ndime yokayikitsayo, pezani kumene yachokera, mupereke kwa mkulu wa oweruza. Kupitirira pang'ono malire a mawu kapena mphindi nthawi zambiri kumangotsitsa ntchitoyo pa mndandanda, pomwe kuba mawu kumachotsetsa mu mpikisano, ndiye umboni wake uyenera kukhala wogwirika.

Ndemanga zanu zilembedwe kwa mwanayo, chifukwa ambiri sadzalandira mphoto koma pepala lanulo adzapita nalo kwawo. "Wachita bwino, pitiriza" sizimuthandiza kanthu. Tchulani chinthu chimodzi chimene chalimba ndi pamene chili, kenako chimodzi kapena ziwiri zoti akonze, monga: "Chiwerengero cha omwalira wachitenga mu nyuzipepala ya tsiku lotsatira. Pezanso lipoti la bungwe lofufuza, uyerekezere, ndipo ufotokoze chifukwa chake zikusiyana."