Ululu wa m'mbali mwa chiuno: yankho kwa mayi amene sakugona tulo

Mayi wina wazaka 52 wandilembera pa imelo. Akuti kwa miyezi inayi tsopano akumva kuwawa m'mbali mwa chiuno, pa kafupa kotumphuka pamwamba pa ntchafu. Akagonera mbali imeneyo tulo timatha, masitepe akukwera movutika. Funso lawo n'lakuti: kodi mafizo angathandize, kapena angobayitsa jakisoni?

Amayi, pepani ndi ululuwo. Kale madokotala ankati ndi kutupa kwa kathumba kamadzi kokhala pafupalo, koma lero tikudziwa kuti kawirikawiri vuto limakhala m'mitsempha yolumikiza minofu ya m'matako, gluteus medius ndi gluteus minimus, ku fupa limeneli. Limakonda kugwira amayi azaka 40 mpaka 60.

Mtsemphawu sufuna kupanikizidwa. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo zimandimvetsa chisoni: munthu amakoka bondo kupita nalo kuphewa linalo poganiza kuti akudziwongola, osadziwa kuti akufinyira mtsempha wodwalawo pafupa. Siyani zimenezo. Siyaninso kusanjikiza miyendo mukakhala pampando, ndi kaimidwe kaja kotsamira mwendo umodzi chiuno chitatulukira kumbali. Usiku gonani chagada, kapena gonerani mbali yabwinoyo mutaika pilo wonenepa pakati pa maondo.

Kenako limbitsani minofu, koma pang'onopang'ono. Gonani chagada, mangani lamba mozungulira ntchafu pamwamba pa maondo, ndipo kankhirani miyendo kunja mofatsa osaisuntha, kwa masekondi 10, kangapo. Zikayamba kupepuka, onjezani kutukula matako maondo atapindika, kuyenda chammbali, ndi kuima ndi mwendo umodzi chiuno chili chowongoka. Kuwawa pang'ono si vuto, koma ululu ukakula usiku kapena m'mawa mwake, dziwani kuti mwapyola muyeso, chepetsani.

Za jakisoni: kafukufuku wa LEAP wa ku Australia, wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2018, anayerekeza njirazi pa anthu 204. Patatha masabata 8, amene anaphunzitsidwa ndi kuchita mafizo anapeza bwino kuposa obayidwa cortisone, mankhwala ochepetsa kutupa, ndipo patatha chaka ochuluka mwa iwo ankanenabe kuti zinthu zasintha. Ine ndingayambe ndi mafizo, moyang'aniridwa ndi katswiri wa fiziyo, n'kupirira miyezi itatu.

Koma ngati munagwa, mwendo ukukanika kuponda, thupi likutentha, kapena ululu uli m'mphechepeche, pitani kuchipatala akakupimeni kaye musanayambe chilichonse.