Wotchi ikuti mwaotcha makalori 600 koma sikelo sikusuntha, wonama ndani?

Kukangoyamba kutentha anthu amakumbuka mimba zawo, nde pa benchi yanga yokonzera zipangizo zamagetsi pamayamba kubwera mawotchi, masikelo ndi mafoni onyowa ndi thukuta. Mafunso ake amakhala omwewo, ndawasonkhanitsa pano.

Achimwene, ndimathamanga m'mawa kuchoka ku Chitawira kudutsa pa Kamuzu Stadium nditayatsa Strava, app yoyeza mtunda womwe wathamanga, koma ndikafika kunyumba mapu akungoonetsa mzere wowongoka ngati ndauluka, mtunda nawo wachepa. GPS ya foni yanga yafa?

Siinafe ayi aise, foni yanuyo ikumagonetsa app mukangozimitsa sikirini n'kuiponya m'thumba, imatero pofuna kusunga batire. Mafoni ambiri a Android ali ndi khalidwe limeneli, Tecno, Xiaomi, Huawei ngakhale Samsung imene. Lowani mu Settings, pa Apps, pezani Strava, pa Battery musankhe Unrestricted kapena Don't optimise kutengera foni yanu, pa Location muonetsetse kuti Precise ndi yoyatsa, ndipo Battery saver muizimitse nthawi yothamangayo. Basi.

China, musamangotuluka pageti n'kuyamba liwiro. Foni imamvera masetilaiti omwe ali makilomita pafupifupi 20,000 kumwambaku ndipo imafunika kugwira osachepera anayi kuti idziwe pomwe muli, nde imani kaye panja kamphindi kamodzi mpaka app inene kuti GPS yagwira. Pansi pa mitengo yowirira kapena pakati pa nyumba zosanja mzere umakhotakhota, zimenezo n'zachizolowezi. Ndipo GPS siidya bandulo, anthu ambiri amaopa zimenezi pachabe, data imangothandiza kupeza masetilaiti mwachangu ndi kutumiza zomwe mwathamangazo mukamaliza.

Bambo, ndinagula wotchi ya smart, tsiku lililonse ikumandiuza kuti ndaotcha makalori 600. Papita masabata atatu sikelo ili pomwepo pa 70. Chawonongeka ndi chani, wotchi kapena sikelo?

Mayi, apa ndichedwapo pang'ono chifukwa funso limeneli ndi lomwe limagwetsa anthu ulesi mpaka kusiya kuthamanga.

Tembenuzani wotchiyo muone kumbuyo, muona katochi kobiriwira kakuphethira. Magazi amameza kuwala kobiriwira, nde mtima ukagunda magazi akachuluka pamkonopo kuwala kobwerera kumachepa, wotchi imawerenga kusinthako n'kukuuzani kugunda kwa mtima. Chimenechi imayezadi. Koma makalori, kutanthauza mphamvu zomwe thupi lagwiritsa ntchito, siyeza, ilibe kachipangizo koyezera makalori, imangotenga kugunda kwa mtima, zaka zanu, kulemera ndi msinkhu womwe munalemba pa app n'kupanga samu yongoyerekeza. Ku yunivesite ya Stanford mu 2017 anayesa mawotchi asanu ndi awiri a mtundu umenewu, pa kugunda kwa mtima ambiri anachita bwino, koma pa makalori yomwe inayesetsa kuposa zonse inaphonya ndi 27 peresenti, yotsalira inaphonya ndi 93 peresenti. Awatu anali mawotchi odula a mayina odziwika.

Nanga timawotchi totchipa topanda dzina timene tadzadza m'misikamu? Yesani izi kunyumba, imangeni pa botolo kapena pa mpukutu wa tishu muyatse zoyeza mtima. Ikadikira masekondi angapo n'kulemba 78, n'kutheka kuti mkatimo mulibe choyezera chenicheni, muli katochi ndi pulogalamu yongotulutsa manambala ooneka bwino. Ndatsegulapo zotere, kumbuyo kumangokhala ka LED ndi timawaya tiwiri. Zina mpaka zimalemba BP ndi shuga, chonde amene muli pa mankhwala musamadalire zimenezo, kayezetseni ku chipatala.

Samu yosavuta ndi iyi, pothamanga munthu amaotcha pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa kilomita iliyonse. Inu a makilogalamu 70 mukathamanga makilomita 5 ndi makalori cha m'ma 350, poyenda ndiye amacheperako. Botolo la Coca-Cola la 500ml lili ndi makalori opitirira 200, muonjezere mandasi awiri pa tiyi wa masupuni atatu a shuga poti "lero ndalimbikira", zonse zija zabwerera dzuwa lisanafike paliwombo. Ndipo kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ndi makalori pafupifupi 7,700, kutanthauza kuthamanga makilomita 5 aja maulendo 22 musanaonjezere chakudya n'komwe. Mwaona chifukwa chake masabata atatu sikelo ingakhale chete? Kuthamanga n'kwabwino zedi pa mtima, pa tulo, pa shuga wa m'magazi, koma kuchepa thupi kumayambira m'mbale, mitanda itatu ikhale iwiri, masamba ndi nyemba zichuluke, zakumwa zotsekemera zikhale za apo ndi apo.

Tsopano sikeloyo. Ya digito ili ndi timasensa tinayi pansi pa miyendo yake, tonse tiyenera kuponda pamalo olimba ndi osalala. Pa kapeti, pa mkeka kapena pa simenti yokumbikakumbika imanama, mukaisuntha pang'ono nambala yasintha. Ipezereni malo amodzi pa matailosi kapena pa simenti yabwino isamachokepo. Kuti muone ngati ili bwino, kwerani muwerenge, kenako kweraninso mutanyamula chigubu cha malita 5 chodzadza madzi, iyenera kukwera ndi makilogalamu 5 ndi pang'ono pa chigubucho. Ikamalemba Lo kapena manambala akamavinavina sinthani batire, zambiri zimalowa CR2032 ija yonga ndalama yachitsulo, zina AAA. Thupi lenilenilo limasintha kilogalamu imodzi kapena ziwiri pa tsiku chifukwa cha madzi, mchere ndi chakudya chomwe chili m'mimba, kwa amayi ngakhalenso nthawi ya kumwezi, nde muzikwera m'mawa mutachoka kuchimbudzi musanadye. Ine ndimakhulupirira kwambiri tepi ya telala, muziyeza pamchombo kamodzi pa sabata n'kulemba m'kope, nthawi zina chiuno chimayamba kuchepa sikelo isanavomere.

Foni ikumandiwerengera masitepe ndili pa kabaza, dzulo yandipatsa 10,000 ndisanayende n'komwe.

Hahaha imatero. Mkati muli accelerometer, kachipangizo komva kugwedezeka, sikaona miyendo yanu, nde msewu wa mabampu ndi kuyenda kwa iko n'chimodzimodzi. Palibe chokonza apa. Komanso 10,000 musaipembedze, nambalayi inatchuka chifukwa cha malonda a kampani ya Yamasa ku Japan yomwe inatulutsa kowerengera masitepe mu 1965. A WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amawerenga mphindi, amati munthu wamkulu azipeza zosachepera 150 pa sabata zoyenda ndawala kapena ntchito yopangitsa wefuwefu pang'ono, mphindi 30 masiku asanu zakwana.

Ndimaika foni mu bra kapena m'chiuno pothamanga, pano chaja ikumagwira ikafuna, ndiyenera kupinda waya kuti ilowe moto. Koma pa bokosi analemba kuti siilowa madzi.

Achemwali, thukuta si madzi wamba, lili ndi mchere, ndipo mchere ukakumana ndi magetsi pa timano ta pobayira chaja timadyeka. Ndikaika pa galasi lokuza ndimapeza timanoto tabiriwira, tina tathothoka kale, pamwamba pake pali thonje la m'thumba lomwe lamatana ndi thukutalo. IP67 kapena IP68 yomwe analembayo amayesa m'madzi abwino, IP67 ndi kuya kwa mita imodzi kwa mphindi 30, ndipo foni ikagwapo kapena ikatsegulidwapo guluu wotchinga uja samagwiranso ngati kale.

Choyipa kwambiri ndi kufika kunyumba n'kuibaya pa chaja ikadali yonyowa, pamenepo nde mumaiphika nokha. Ipukuteni, igwedezeni pang'ono pobayira patayang'ana pansi, isiyeni pa mphepo iume kaye. Za mpunga zija iwalani, ngakhale a Apple amaletsa, tizidutswa timangolowa mkatimo. Musatokose ndi singano kapena pini, mupinda timano. Ife timatsuka ndi isopropyl, spirit yotsukira zamagetsi, ndi mswachi wofewa foni ili yozimitsa, zikakanika timasintha kabodi ka chaja, pa mafoni ambiri ndi kosiyana ndi bodi yayikulu nde sizidula kwambiri mukabwera msanga. Kutsogoloku muziika m'kathumba ka pulasitiki kotseka kaja kenako m'thumba, kapena mugule lamba wa pamkono. Ma earphone nawo muziwapukuta musanawabwezere m'kabokosi kake.

Bwana, ndagula treadmill yakale, makina othamangirapo m'nyumba aja, yobwera pa kontena, ndangobaya kukhoma yaphulika n'kutulutsa utsi. Ya mnzanga ikugwira koma ikumanunkha ngati tayala lopsa ndipo lamba akumaima akapondapo.

Yanuyo yang'anani kachikwangwani pafupi ndi polowera waya, ndikukayikira kuti palembedwa 110V kapena 120V, ndiye kuti inapangidwira ku America, pomwe kuno magetsi athu ndi 230V. Kusintha pulagi sikusintha mphamvu ya magetsi. Mukachita mwayi yapsa ndi fyuzi ndi varistor basi, tizipangizo toteteza bodi ku magetsi ochuluka, mukapanda mwayi ma capacitor ndi transistor yoyendetsa mota zapita, koma bodi zimenezi nthawi zambiri zimakonzeka, musaitaye. Ikachira mufunika transifoma yotsitsa magetsi ya mawati oposa omwe alembedwa pa makinawo, osati tija tating'ono ta shevala.

Ya mnzanuyo ikulira mafuta. Pakati pa lamba ndi thabwa lomwe amapondapo pakauma mota imakoka magetsi ochuluka kuti imukoke, imatentha, mapeto ake bodi imapsa. Azimitse, achotse kukhoma, alowetse dzanja pansi pa lambayo, pakakhala gwa pouma apake mafuta a silicone opangira treadmill. Osati girisi, osati oyilo wa galimoto, osati WD-40, amenewa amawononga lamba. Lamba akamatsetsereka amange mabawuti awiri a kumbuyo aja pang'onopang'ono mofanana mbali zonse, akamanga mbali imodzi lamba athawira kwina n'kuyamba kung'ambika m'mphepete. Atsegulenso chivindikiro cha mota achotse fumbi. Nonse awiri muike surge protector, choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, ndipo mukamaliza muzizula kukhoma, magetsi akazima n'kubwera mwamphamvu ndi pomwe mabodi ambiri amafera. Kachingwe kofiira kokoleka pa malaya kaja kasamangolendewera, mukaterereka ndi komwe kamaimitsa makina, ndipo ana asamasewere pafupi lamba akuyenda.

Lamba wanga wogwedeza mimba wasiya kunjenjemera, ndibweretse?

Bweretsani, kawirikawiri amakhala waya woduka pafupi ndi adaputa kapena kamota komwe kamasuka, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma ndikuuziranitu musanandilipire, lambayu sasungunula mafuta a pamimba, amangogwedeza khungu, ndipo wotenthetsa uja amangokutulutsani thukuta lomwe limabwerera mukamwa madzi. Thupi silichotsa mafuta pamalo pomwe mwaloza. Mukabwera mutenge ndi adaputa yake yomwe, mwina vuto lili mmenemo.