Mupitirize kuwagulira feteleza mayi kumudzi?

Achemwali ena andilembera imelo, iwo ali pa ntchito ku Lilongwe, mayi awo amalima kwa Nsipe ku Ntcheu. Akuti chaka ndi chaka amatumiza ya feteleza koma nkhokwe siidzadza, ndiye angosiya azingowagulira chimanga? Achemwali, mwandikhudza pabala.

Ine 2023 ndinawagulira mayi anga ku Bembeke matumba awiri, wokulitsa ndi wobereketsa, ndalama yake ya ngongole ya banki mkhonde. Chimanga chinamera bwino, chobiriwira mpaka odutsa kumaima kufunsa kuti mbewu yanji. Kenako February 2024 ng'amba ya El Niño ija, chimanga chitangoyamba kumasula. Nditapita ndinapeza masamba atapota ngati a anyezi, mayi atagwada pamzere akufukula dothi ndi chala kuti mwina pansi pali chinyezi, koma fumbi lokhalokha. March yake a Chakwera analengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, chaka chimodzi chokha chipitireni Freddy amene anakokolola minda kum'mwera.

Chimandipweteka n'choti tikulimabe ngati mvula ndi ija ya agogo, yoti chizimalupsa chikagwa October umadziwa kuti November tibzala. Pano imabwera mochedwa, ikagwa ndi yamkuntho tsiku limodzi kenako zii masabata atatu, mbozi za ntchemberezandonda nazo zili pamwamba. Ndipo zootcha mapesi chifukwa cha mbewa ine ndimakana ndithu, tikuotcha chofunda cha nthaka, mapiri tawameta ndi makala, madzi angalowe pansi bwanji? Mayi oyandikana nafe munda anaphimbira ndi mapesi, n'kubzalamo nandolo, chawo chinafota koma chinadzuka, dengu silinabwere lopanda kanthu. Feteleza pa dothi louma sagwira, amangootcha.

Yankho lanu tsono

Musasiye, koma ndalama yonse isathere pa kulima chimanga. Gulani thumba limodzi la feteleza, mayi afunse alangizi kapangidwe ka manyowa a Mbeya, feteleza pang'ono kusakaniza ndi ndowe, madeya ndi phulusa, amapsa pa masiku 21. Mbewu ikhale yocha msanga ngati Kanyani. Yotsalayo mbewu ya nandolo, kholowa wa mbatata, ndipo ngati ali ndi dimba muwagulire keni. Matumba awiri a chimanga muwasungire pokolola mtengo usanakwere, osadikira January.