Kwa achimwene a ku Senga Bay ofuna kuulutsa roketi yooneka ngati chambo

Achimwene, funso lanu lamveka. Mwati mwaona pa YouTube anthu a ku America akuulutsa maroketi akuluakulu amaonekedwe oseketsa, ena ngati mbale, ena ngati pensulo, ndiye inunso mukufuna kupanga yanu yooneka ngati chambo n'kukaiulutsira pamchenga ku Senga Bay. Mwafunsanso ngati n'zotheka kudzipangira nokha mafuta ake ndi feteleza ndi shuga, poti injini zake kuno sizipezeka. Maganizo a chambowo andisangalatsa kwambiri, ndipo ndikufunitsitsa mudzachiulutsedi. Koma za feteleza ndi shugazo ayi. Chonde musayese n'komwe, ndipo anzathu m'gulu muno ndikupempheni kuti pasapezeke wowatumizira miyeso yake, ngakhale kumbali.

Ndikukanizitsa chonchi chifukwa masewera oulutsa maroketi ang'onoang'onowa anakhazikitsidwa pofuna kuthetsa zimenezo. M'zaka za m'ma 1950, makamaka dziko la Soviet Union litaulutsa setilaiti yotchedwa Sputnik mu 1957, anyamata ambiri ku America ankasakaniza mankhwala kunyumba n'kumawatsendera m'mapaipi achitsulo. Ena anaduka zala, ena anachita khungu, ena anafa kumene. Orville Carlisle, wogulitsa nsapato wa ku Nebraska amene ankadziwa bwino ntchito ya zophulika, ndi G. Harry Stine, amene anagwirapo ntchito pamalo oyesera maroketi ku White Sands, anagwirizana mfundo imodzi: injini izipangidwa kufakitale, wamasewera azingopanga thupi la roketi ndi mapepala olimba, matabwa opepuka ndi pulasitiki. Mu 1957 anayambitsa bungwe lomwe lero limatchedwa National Association of Rocketry, ndipo posakhalitsa Vern Estes anayamba kupanga injinizo ndi makina. Alipo ndithu odzipangira okha mafuta, ku bungwe la Tripoli Rocketry Association, koma amakhala akuluakulu amene anakhoza kale mayeso a gawo lachiwiri (magawowa ndiwafotokoza pansipa), ndipo amaulutsira malo ovomerezeka pali owayang'anira.

Injinizi amazipatsa zilembo, ndipo chilembo chilichonse mphamvu yake imaposa cha m'mbuyo mwake kawiri. A imalekeza pa 2.5 newton-second (muyeso wa mphamvu yonse ya injini), B pa 5, C pa 10, mpaka G pa 160. Mukaona palembedwa C6-5, C akunena mphamvu yonse, 6 akunena kukankha kwake, ndipo 5 ndi masekondi amene injini imadikira ikazima isanatulutse parachuti. Zimene munaonazo, zotchedwa zamphamvu kwambiri, zimayambira pa H. Munthu sangogula H ngati akugula batire. Ayenera kukhala wa zaka 18, apange roketi, aiulutse anthu a bungwe akuona, ibwerere pansi yosawonongeka, ndiye amupatse chiphaso cha gawo loyamba cha H ndi I. Gawo lachiwiri, la J, K ndi L, lili ndi mayeso olemba. Lachitatu ndi la M, N ndi O. Ngakhale mutakhala ndi ndalama, injinizi pozinyamula amaziwerengera m'gulu la zophulika, choncho sizitumizidwa pa positi wamba kapena kuikidwa m'chikwama pokwera ndege, ndipo kuno kwathu lamulo la Explosives Act limafuna chilolezo pobweretsa ndi posunga zinthu zotere. Ndiye pa H tisafikepo kaye.

Langizo langa ndi loti muyambe ndi roketi ya madzi, ndipo musaione ngati zachibwana. Gulu la pa University of Cape Town linaulutsa roketi ya madzi ndi mpweya basi mpaka mamita 830 mu 2015. Yanu ya botolo limodzi sidzafika kumeneko, koma zonse zimene zimavuta pa roketi yaikulu, kuti iwongoke, isagudubuzike m'malere ndiponso itere bwino, mudzaziphunzira pa botolo lomweli popanda moto.

Pezani botolo la pulasitiki la malita 2 la zakumwa za gasi, losakandika komanso losakhalitsa padzuwa. La madzi akumwa wamba n'lofewa, ndipo lagalasi musaliyandikire n'komwe. Pitani kwa okonza njinga pa Kamuzu Road akupatseni valavu ya chubu chakutha, yodula ndi kachikopa kake pang'ono. Boolani chotsekera cha labala chothina bwino pakamwa pa botolo, mulowetsemo valavuyo kuchokera mkati. Thirani madzi gawo limodzi mwa magawo atatu, tsekani, zondotsani botololo kuti kamwa iloze pansi, ndipo mupope ndi pampu ya njinga yokhala ndi geji. Paipi ya pampuyo muilumikize ikhale yaitali mamita asanu kapena kuposa, kuti nkhope yanu isakhale pamwamba pa botolo. Poyamba musapitirire 60 psi pa gejiyo. Botolo lililonse latsopano muyambe mwaliyesa mutalidzaza madzi mpaka pakamwa, chifukwa likaphulika lili ndi madzi okhaokha limangong'ambika, pamene likaphulika lili ndi mpweya limamwaza zidutswa. Pachifukwa chomwecho musasungire mpweya m'mapaipi a PVC.

Tsopano pamene pagona nkhani ya chambo chanu ndi apa. Roketi iliyonse ili ndi malo awiri ofunika kuwadziwa. Oyamba ndi pamene imakhazikika mukaisanjika pa chala, osapendekera kutsogolo kapena kumbuyo. Achiwiri ndi pamene mphamvu ya mphepo imakankhira ikaomba cham'mbali. Malo okhazikikawo ayenera kukhala kutsogolo kwa malo a mphepowo, ndipo mpata wake ukhale wofanana ndi kunenepa kwa thupi la roketi kamodzi kapena kawiri. N'chimodzimodzi muvi: kumutu kuli chitsulo, kumchira nthenga. Mukasemphanitsa, roketi imanyamuka bwinobwino mamita awiri atatu, kenako n'kutembenuka kulunjika kumene kwaima anthu. Pokonza mumawonjezera kulemera kumphuno, kapena kukulitsa zipsepse zakumchira n'kuzisunthira kumbuyo. Pa botolo, kampira ka tenesi kapena dongo lokulunga m'pepala lomatidwa kumphuno limakwanira, ndipo zipsepse zitatu kapena zinayi mutha kudula ku chidebe chapulasitiki chosweka. Poyeza, muyeze muli madzi kale, chifukwa madziwo amakhala kumchira ndipo amakokera kulemera kumbuyo panthawi yonyamuka.

Chambo chimavuta chifukwa n'chaphanthiphanthi. Mukachiyang'ana cham'mbali n'chotakata, makamaka chakumutu ndi pamsana, koma mukachiyang'ana kuchokera pamwamba n'chopyapyala. Ndiye mphepo imachigwira mosiyana mbali ziwirizo, ndipo kutakata kwa kutsogoloko kumakokera malo a mphepo aja kumutu, kumene sitikuwafuna. Pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa OpenRocket, imene anayamba kulemba Sampo Niskanen wa ku Finland, ndi yabwino zedi ndipo muikhale nayo. Koma masamu ake, ochokera kwa James Barrowman wa m'zaka za m'ma 1960, amayembekezera thupi lobulungira ngati paipi. Pa nsomba ikupatsani nambala yosadalirika.

Njira yake ndi yamanja. Jambulani chithunzi cha roketi yonse pa katoni monga imaonekera cham'mbali, dulani motsata mzere, musanjike katoniyo pamphepete pa lula. Pamene yakhazikikapo ndi pafupi ndi malo a mphepo aja. Chitaninso chimodzimodzi ndi maonekedwe a pamwamba, ndipo mutsatire amene ali kutsogolo kwambiri mwa awiriwo. Mukamaliza kupanga, mangani chingwe pamalo okhazikika aja, muchigwirize ndi tepi kuti chisasunthe, muime pabwalo n'kumaizunguza pamwamba pa mutu wanu. Ikamaloza mphuno kutsogolo yokha, zili bwino. Ikamayenda cham'mbali kapena chamchira, onjezerani dongo m'kamwa mwa chambomo muyesenso. Ine ndikanakhala inu ndikanasiya botolo kapena mabotolo awiri olumikiza kuti akhale msana wowongoka mkati, thupi la nsombalo n'kulipanga ngati chovala chopepuka cha katoni kapena thovu la m'makatoni a mafiriji, kenako kuseri kwa mchira n'kuikako zipsepse zina zinayi zapulasitiki yoonekera mkati. Patali anthu aona chambo chokha, pamene zikuwongola ulendo ndi zosaonekazo. Kamwa ya botolo ikhale pakati penipeni pa mzere wa msanawo. Ikapendekera pang'ono pokha, nsomba izungulira ngati yavulala.

Dziwaninso kuti maroketi amaonekedwe oterewa sapita patali, ngakhale a ku America omwewo, poti mphepo imawagwira kwambiri. Kukoma kwake n'koti amakwera pang'onopang'ono anthu akuwaona bwino. Parachuti dulani ku jumbo yaikulu, mbali zisanu ndi imodzi, mumange ndi ulusi wa ukonde, muithire paudala pang'ono kuti isamatane. Kuti mudziwe pamene yafika, mnzanu aime mamita 50 kuchokera poulutsira ali ndi protractor yomangirira kachingwe ndi kamwala. Akailoza pamene yalekezera kukwera n'kupeza madigiri 45, ndiye kuti yakwera pafupifupi mamita 50. Muzilemba m'kope madzi amene munathira, mpweya, kulemera kwa kumphuno ndi mmene yaulukira. Kope limenelo n'limene lidzakulankhulireni tsiku limene mudzakumane ndi anthu a injini zenizeni.

Za malo, pamchenga pa Senga Bay sindikuvomereza. Inu mukudziwa mmene pamakhalira: mathandala a usipa, maukonde oyanika, ana akusamba, malo ogona alendo, ndi nyumba zaudzu kuseri kwake. Malamulo a National Association of Rocketry amati roketi ya injini ya H kupita m'tsogolo iulutsidwe pamtunda wa mamita pafupifupi 450 kuchokera pa nyumba yokhalamo anthu kapena msewu wodutsa magalimoto, oonerera atalikire mamita osachepera 30, ndipo mphepo ikapitirira makilomita 32 pa ola osaulutsa. Ya madzi sifuna malo aakulu choncho, koma botolo lolemera kumphuno likamatsika parachuti itakana limatha kuboola lata kapena kuvulaza mwana. Pemphani bwalo la mpira la sukulu Loweruka m'mawa, kapena dambo louma anthu atakolola, kutali ndi mawaya a magetsi. Nthawi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, muzilawirira dzuwa lisanakwere mphepo isanadzuke, apo ayi chambo chanu chikagwera m'nyanja kapena m'munda mwa eni. Ndodo yoyendamo roketi ponyamuka iloze kumwamba, osaipendeketsa kuti ipite patali.

Musanachite chilichonse kapezeni amfumu ndi aphunzitsi aakulu, ndipo apolisi a m'dera adziwe. Ku Salima kuno kuli asilikali, MAFCO ili pafupi nanu pomwepo, ndiye chinthu chouluka mwadzidzidzi chotchedwa roketi chingathe kumveka molakwika ngakhale chili cha botolo la zakumwa. Kufotokoza zisanachitike n'kosavuta kusiyana ndi kukafotokozera kupolisi. Mukadzafika pa za injini zoyaka moto, a Civil Aviation ndiwo eni mlengalenga, ndipo palinso nkhani ya moto wolusa, poti kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa udzu wa kuno sumafuna zambiri kuti uyake.

Ngati mtima wanu uli pa zouluka zenizeni, khomo lapafupi lilipo. Boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu mu 2017, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy kumene achinyamata amaphunzira kupanga ndi kuulutsa ma drone. Si maroketi, koma kumeneko ndi kumene kuli anthu odziwa malamulo a mlengalenga wathu komanso mapemphedwe a chilolezo. Ku South Africa ophunzira a University of KwaZulu-Natal anaulutsa roketi yawo ya Phoenix pafupifupi makilomita 18 mu 2021, ndipo anachitira pamalo oyesera a Overberg, zonse zili m'dongosolo.

Sabata ino pangani kaye ya botolo limodzi yowongoka, yopanda maonekedwe a nsomba. Ikauluka mowongoka maulendo angapo motsatizana, jambulani chambo chanu pa katoni mbali zonse ziwiri, mulembepo kutalika, kutakata, ndi pamene chakhazikika pa lula, mutumize chithunzicho m'gulu muno tiwerengere limodzi kukula kwa zipsepse musanadule chidebe.