Za chalenji imeneyi ndimvereni kaye

Achimwene, mwanena muno kuti mukufuna kuyambitsa chalenji yolimbitsa mtima gulu lanu la othamanga kuno ku Zomba, koma musanalembe malamulo a chalenji yanuyo ndimvereni kaye, chifukwa ine chalenji yotereyi inandisiya ndikutsimphina. Zoti mpikisano waimitsidwa ndipo anyamata ayamba kujomba m'mawa, ife tinadutsamo mu 2020, ndipo nzeru imene tinapangana kuti itilimbitse mtima ndi yomweyo imene inapha gulu lathu.

Ambiri muno mukukumbukira. Pa 20 Marichi a Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi, pa 23 masukulu anatsekedwa, kusonkhana anthu opitirira 100 kunaletsedwa, ndipo pa 2 Epulo tinamva kuti matenda a Covid-19 aja alowa m'dziko muno. Ife apo n'kuti tikukonzekera mpikisano wina wa makilomita 42 kuyambira mvula isanathe. Kudzuka 4 koloko, kuchoka ku Chinamwali kudutsa pa Songani mpaka ku Domasi n'kubwerera, ma minibasi asanayambe kuitanira. Kenako kauthenga kamodzi pa WhatsApp, akuti mpikisano waimitsidwa mpaka mtsogolo muno. Ndalama yolembetsera ija sitinaionenso mpaka lero, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Anthu anafooka msanga kwabasi. Munthu wa mtunda wautali amadzuka chifukwa cha tsiku limene analemba pa kalendala. Mukachotsa tsikulo bulangete limalemera, makamaka Zomba ikayamba kuzizira mu Meyi. Thupi nalo silidikira munthu. Masabata atatu kapena anayi osathamanga, mpweya umayamba kuperewera pa kachitunda kamene unkakwera uku ukucheza.

Ndiye wapampando wathu anabwera ndi nzeru. Dzina sinditchula, akudzidziwa yekha, mwinanso akuwerenga pompano. Anati dziko lonse likupanga zomwezo, ndipo apo sananame. Mpikisano wa Comrades wa ku South Africa, wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, unalephereka chaka chimenecho, ndipo pa 14 Juni anthu anathamanga aliyense kwawo n'kutumiza nthawi zawo pa intaneti. Mipikisano ya marathoni ya ku Boston ndi ku London nayonso inadzalola anthu wamba kuthamangira kwawo chakumapeto kwa chakacho. Ife tinati chabwino, nafenso. Mwezi wonse wa Julayi, amene adzakhale ndi makilomita ambiri pa Strava, pulogalamu ya pa foni yolemba mtunda umene wathamanga pogwiritsa ntchito GPS, ndiye wapambana. Aliyense asonkhe kangachepe, wopambana atenge nsapato zothamangira zatsopano za m'bokosi, osati za pa kaunjika.

Tsiku loyamba lomwelo tinataya anyamata athu aliwiro kwambiri, ndipo palibe anazindikira. Anyamata a ku Chikanda ndi ku Mpondabwino amene amatisiya tonse pa chitunda, foni zawo ndi za mabatani. Wina anali nayo ya GPS koma ya bandulo analibe. Anangokhala chete m'gulumo, kenako anasiya kubwera. Chalenji inatsala ya ife a malipiro a pamwezi.

Otsalafe inatigwira mutu. Usiku m'malo mogona umatsegula foni kuona kuti mnzako waonjezera angati. Ukapeza wakupitirira, m'mawa umathamanga, madzulo ukaweruka umathamanganso. Tsiku lopuma linasanduka chamanyazi. Kuthamangira limodzi kunatha, chifukwa aliyense ankafuna kuzemba mwakachetechete kuti anzake adzangodzidzimuka. Kunyumba mayi a ana anafika pondifunsa ngati ndikulipidwa.

Sabata yomaliza ndinali wachiwiri. Woyamba anali mkulu wina amene pa zaka zonse zimene tinathamanga naye sindinamuonepo akudutsa pa Songani osaima kugwira m'chiuno. Koma pa foni, tsiku lililonse mtunda wa munthu wopita ku Comrades. Ndinkangoti kaya, mwina wasintha, anthu amasintha.

Loweruka lomaliza ndinati lero ndimupeza. Ndikwera phiri la Zomba mpaka Ku Chawe, ndidutse pa damu la Mulunguzi, ndilowere njira ya ku Emperor's View, ndibwerere wapansi mpaka m'tauni. Kunja kunali chiperoni cheniceni, nkhungu yoti galimoto umaimva usanaione, kamvula kowaza kosalekeza. Bondo lakumanja linali litayamba kale kung'ung'udza masiku angapo m'mbuyomo, ndinkangolipaka mankhwala otentha aja n'kumanga bandeji. Pokwera silinavute. Amene mumathamanga m'phiri mukudziwa kuti kukwera kumatopetsa mapapo koma kutsika n'kumene kumadya miyendo, chifukwa phazi lililonse minofu imagwira buleki thupi lonse likuitsamira. Nditadutsa Ku Chawe potsika, pa ngodya zija za phula, kunja kwa bondo kunabaya ngati wina walowetsa msomali wamoto. Ndinayesa kusintha mapondedwe, ndinayesa kutsika cham'mbali, ndinayesa kuyenda chabe. Ayi ndithu. Mwendo unakana kupinda.

Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu, pa miyala yonyowa. Thukuta linazizira nthawi yomweyo, malaya anamata pamsana, mano anayamba kugundana. Ndinatulutsa foni kuti ndiimitse Strava, bola makilomita anga asungike. Foni yakuda bii. Batire inali itathera m'kuzizira muja, kaya panthawi yanji. Mtunda wonse uja, bondo lonse lija, palibe cholembedwa. M'thumba munali K500 yokha ya madzi ndi nthochi, ndipo woti ndimuimbire panalibe njira. Panadutsa amayi atatu atasenza nkhuni, akutsika opanda nsapato mofulumira kuposa mmene ine ndikanathera. Mmodzi anaima, anatula mtolo wake, nasolola kamtengo kowongoka n'kundipatsa kuti ndiyendere. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu nati, “Bambo, m'chisanu muno mumathawa chiyani?” Ndinalibe chowayankha.

Ndikuima ndi kandodo kaja ndinamva njinga yamoto ikukwera. Ndinakweza dzanja kuti mwina wakabazayo akatsitsa munthu wake adzanditenge pobwerera, ndikamulipire kunyumba. Njinga inatulukira mu nkhungu pang'onopang'ono, ili mu giya yotsika. Kumbuyo kwakhala ndani? Mkulu uja, woyamba wathu uja. Kabudula wothamangira, nsapato zothamangira zouma bwinobwino, jekete lochindikala pamwamba, foni atamangirira pa mkono, ikuwala. Maso athu anakumana. Anandizindikira, achimwene, musandiuze kuti sanandione. Anatembenuzira nkhope ku mitengo ya paini, njinga n'kupitirira. Sanaime n'komwe kufunsa kuti mwatani. Munthu amene tinadyera naye limodzi nsima pa maliro a bambo ake.

Ndinafika kumunsi dzuwa litapendeka, galimoto ya matabwa ndi imene inandichitira chifundo.

Lolemba ndinapita kwa wapampando ndi umboni. Sindinafune kuti akhulupirire pakamwa panga, ndinati titsegule Strava ya mkuluyo tione limodzi. Pa chitunda cha Ku Chawe ankapanga kilomita imodzi pa mphindi 2 ndi masekondi ochepa. Ndinawakumbutsa kuti Eliud Kipchoge, katswiri wa ku Kenya, pa 12 Okutobala 2019 ku Vienna, pamene anathamanga marathoni ya makilomita 42 pa ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40, ankapanga kilomita pa mphindi 2 ndi masekondi 50 kapena kuyandikira apo, pamsewu wosalala wopanda chitunda, anthu omutchingira mphepo ali kutsogolo. Ndiye wa kwathu kuno, wa mimba yake ija, akumuposa Kipchoge pokwera phiri la Zomba? Yankho lake mpaka lero limandiwawa kuposa bondo. Akuti GPS imalakwitsa m'mapiri. Akuti tisadane chifukwa cha nsapato. Akuti ine ndikuyankhula chifukwa chogonja. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti awiriwo ndi pachilamu. Nsapato zinaperekedwa, chithunzi chinaikidwa pa Facebook, anthu n'kumalemba kuti zabwino zonse ngwazi yathu. Ngwazi ya pa kabaza! Ndipo ena amene ankadziwa zoona, amene ankandiimbira usiku kuti achimwene zimene mukunenazo ifenso tinaziona, pagulu anangoti zii. Amenewo ndi amene sindinawakhululukirebe bwinobwino.

Ku chipatala anandiuza kuti ndi mtsempha umene umayenda kunja kwa ntchafu kuchoka m'chiuno kufika pa bondo, watupa chifukwa choonjezera mtunda mwadzidzidzi ndi kutsika mapiri thupi litatopa. Mankhwala ake ndi kupuma ndi kulimbitsa minofu ya m'chiuno, palibe jakisoni wachidule. Nyengo yonse yotentha ndinkangoona anzanga akudutsa pa msewu. Anzanga ake atinso, popeza gulu linali litagawikana. Mmene matenda aja ankabweranso mwamphamvu mu Januwale 2021, panalibenso gulu loti n'kuliimitsa.

Ndiye inu musapereke mphoto kwa wa makilomita ambiri. Mukatero mukulipira anthu kuti adzivulaze kapena aname, ndipo osauka mwawatulutsa chalenji isanayambe. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Gulani kope, muzikumana malo amodzi, aliyense asaine ndi dzanja lake. Amene wabwera masiku ambiri ndiye wapambana, kaya amathamanga pang'onopang'ono. Ngati kusonkhana ambiri n'kovuta, gawani anthu anayianayi molingana ndi kumene amakhala, a ku Matawale okha, a ku Sadzi okha, kuti wina akajomba anzake akamugogodere pakhomo. Munthu amatha kunamiza foni, koma anzake atatu ataima pa geti m'chisanu sangawauze kuti ndathamanga kale.

Chachikulu n'choti muwabwezere tsiku la pa kalendala lija analandidwa. Sankhani Loweruka lomaliza la mwezi, njira imodzi ya makilomita 5 kapena 10 yosasinthasintha, wina aime poyambira ndi wotchi, wina pokhotera ndi cholembera. Aliyense apikisane ndi nthawi yake ya mwezi watha. Ochedwa ayambe kunyamuka, aliwiro anyamuke pomaliza, mudzaona kukoma kwake pamene agogo a gulu akulowa mnyamata wa zaka 20 ali kumbuyo kwawo akuwefuka. Masiku enawo azithamanga liwiro loti n'kumacheza, ndipo sabata yachinayi iliyonse mtunda utsike. Zimenezi muzilembe m'malamulo, chifukwa mukangonena pakamwa amuna samva.

Komatu chalenji ya phiri musaisiye, tili ku Zomba, anzathu a ku Lilongwe amalilira chitunda chotere. Nsonga ya Sapitwa ku Mulanje ndi mamita 3,002. Uzani anthu kuti pakutha pa mwezi aliyense akhale atakwera mamita okwana Sapitwa, kuphatikiza maulendo ake onse. Mu 2020 muja anthu a njinga kunja ankapanga zofanana ndi zimenezi ndi mamita 8,848 a phiri la Everest, ena pa tsiku limodzi, ife sitinafike pamenepo. Kukwera muzithamanga, kutsika muziyenda, kapena pamenepo ndiye mukwere kabaza mwaulemu wake. Apa Strava ikufunika ndithu, ndiyo njira yophweka yowerengera mamita, ndiye pa kagulu kalikonse pakhale foni imodzi yokhala ndi batire yodzaza, ndipo zolemba zake zikhale zoonekera kwa onse kuti tizitha kuona liwiro. Amene amakonzekera mpikisano wa amtengatenga (Porters' Race) wa pa phiri la Mulanje, woyambira pa Likhubula uja, chalenji imeneyi idzawathandiza kuposa kuzungulira bwalo la mpira.

Za ndalama, ena muno akuuzani kuti musaikepo chilichonse. Ine ndikuti ikanipo. Anthu athu popanda kanthu kapatsogolo sadzuka, tisanamizane. Kungoti ikhale mphoto yoti munthu sangagulitsire ulemu wake, nkhuku, paketi ya shuga, mayunitsi. Ndalamayo asasunge wapampando, ndipo woweruza asakhale m'bale wa wopikisana aliyense. Fufuzani mpaka za chilamu zomwe, ndanena ine.

Ngati anthu akakamira ndithu kuti akufuna ya makilomita, ikhale ya timagulu, osati ya munthu payekha, ndipo muike malire a pa sabata kuti wopitirira pamenepo asawerengedwe. Kuchoka pano kufika ku Blantyre ndi makilomita 60 ndi kanthu, kagulu ka anthu anayi kakhoza kumaliza mtunda umenewo pa sabata popanda wina kupita ku chipatala. Ngakhale kunena zoona, mukaiyambitsa ya makilomitayo mundiuze msanga, bondo linachira ndipo ndili ndi ngongole yoti ndibweze. Mundilembe dzina a admin. Koma mukaona kuti uja wa jekete walembetsanso, yanga ndalama mundibwezere pa Mpamba tsiku lomwelo.