BSS ndi HHI: nonse mukunena zoona, koma tiwerenge zaka

Achemwali, choyamba mafuno abwino kwa mwanayo. Kusankhidwa kupita ku Blantyre Secondary School (BSS) si masewera, mumugulire ndithu kankhuku. Tsono mwafunsa ngati n'zoona kuti BSS ndiyo sekondale yoyamba m'dziko muno, poti bambo a kunyumba kwanu, amene anaphunzira ku Henry Henderson Institute (HHI), akuti yoyamba ndi yawo ndipo mkangano wake sukutha. Ine ndinganene kuti achimwenewo sakunama, koma akusakaniza zinthu ziwiri.

Ngati tikunena za ukale wa sukulu, HHI ndi mkulu. Amishoni a Church of Scotland anakhazika mishoni ya Blantyre mu 1876, pamalo amene anasankha Henry Henderson, ndipo sukulu yotchedwa dzina lakeyo inatsegulidwa mu 1909. Kungoti HHI ya nthawi imeneyo sinali sekondale monga tikuidziwira lero. Inali malo osulira aphunzitsi, alaliki, akalaliki a m'maofesi ndi amisiri monga akalipentala ndi osindikiza mabuku. Kumpoto nakonso a Robert Laws anali atayambitsa kale sukulu yapamwamba ku Khondowe mu 1894, ndiye anzathu a ku Livingstonia akalowa nawo mkanganowu asatidabwitse. Koma sukulu imene inamangidwa ndi cholinga chenicheni choti mwana wachikuda akatha pulayimale apitirize maphunziro a sekondale, yoyamba ndi BSS, mu 1940. Ya Akatolika ku Zomba, imene ambiri timangoti Box 2, inatsatira mu 1942. Ya boma yeniyeni inachita kudikira mpaka 1951 ku Dedza, Box 48.

Chimene chimandikhudza ine si choti ndani anayamba. Tachotsani 1876 mu 1940. Zaka 64! Tchalitchi chachikulu chija cha St Michael and All Angels, pa mishoni ya Blantyre, chinatha kumangidwa mu 1891, ndi manja a anthu akuda amene anaumba ndi kuwotcha njerwa pomwepo. Anthu oti angathe kuimika nyumba yotero, adzukulu awo anadikira zaka pafupifupi 50 zina kuti aloledwe kulowa kalasi ya sekondale m'dziko lawo lomwe.

Kuchedwaku sikunali kwangozi. Boma la atsamunda linasiyira maphunziro onse amishoni, ilo n'kumangoponyako kandalama kochepa, moti ngakhale dipatimenti yoona za maphunziro linaikhazikitsa mu 1926. Azungu a m'minda ya tiyi, fodya ndi thonje ankafuna manja olima, osati mitu yofunsa mafunso. Pa iwo munthu wodziwa kuwerenga, kulemba ndi kuwonkhetsa matikiti a antchito anali wokwanira. Ndiye panadzachitika za John Chilembwe mu 1915. Munthu amene anakaphunzira ku America n'kubwera kudzaukira boma anawaopsa kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo munthu wakuda wophunzira ankamuyang'ana ndi diso lokayika. Maganizo amene anafala m'zaka za m'ma 1920 anali oti Mwafirika aphunzitsidwe zoyenera kumudzi, ulimi, ukhondo ndi ntchito zamanja. Sukulu ya Jeanes ku Domasi inabadwa ndi maganizo amenewo. Zinthu zake zinali zothandiza, sindikana, koma anaziika ngati denga loti munthu asapyole.

Makolo athu sanangokhala chete. Mabungwe a anthu akuda amene anayamba mu 1912 kumpoto, momwe munali anthu ngati Levi Mumba, ankalembera boma mobwerezabwereza kupempha maphunziro apamwamba. Amene sanathe kudikira anangonyamuka. Kamuzu yemwe anachoka ku Kasungu wapansi kulowera ku Rhodesia ndi ku Joni, n'kukamalizira sekondale yake ku America. Pomwe BSS inkatsegulidwa, mipingo yosakhala ya Katolika itagwirizana ndipo boma litavomera kuthandizapo ndi ndalama, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itayamba kale. Anzathu a ku Zambia anatitsogolera ndi chaka chimodzi chokha, Munali ya ku Lusaka inayamba mu 1939, ndipo Kenneth Kaunda anaphunzira kumeneko. Mukaona zaka zimenezi zikuyandikana chonchi, mudziwe kuti khomo linatsegulidwa pomwe London inalola, osati pomwe ana anakonzeka.

Ndipo linatseguka pang'ono chabe. Malo anali ochepa, ophunzira anali anyamata, ochokera m'dziko lonse, ena achikulire ndithu a ndevu zawo chifukwa pulayimale ya nthawi imeneyo inkatenga zaka zambiri. Poyamba maphunziro ake ankathera pa Junior Certificate, ndipo ofuna kupitirira ankayenera kukasaka malo kunja. Henry Masauko Chipembere ndi chitsanzo chabwino: anadzera ku BSS, n'kupita ku Goromonzi ku Southern Rhodesia, kenako ku Fort Hare ku South Africa. Atabwerako, mu 1956 anasankhidwa kulowa nyumba ya malamulo, n'kuyamba kuwathyola khosi ndi mafunso atsamunda omwe aja pa nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ndiye azungu a m'minda aja mantha awo sanali opanda pake, anadziwa chimene sekondale idzabale.

Kwathu kuli pepala limodzi limene limandikumbutsa zonsezi. Malemu agogo anga aamuna anali ndi satifiketi ya Standard 6, imene ankaisunga m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, yokulungidwa mu nsalu pamodzi ndi Baibulo ndi chiphaso cha msonkho. Pepalalo linali litachita chikasu, lothetheka m'mapindidwe, koma akalitulutsa ankayamba apukuta manja. Chingerezi chawo chinali chowongoka kuposa changa, kalembedwe kawo ngati kosindikiza. Anakhoza bwino, koma anamaliza sukulu kulibe kopita, ndiye anakhala kalaliki moyo wawo wonse. Tsiku limene msuweni wanga anasankhidwa kupita ku sekondale, agogowo anamupatsa sutikesi yomweyo kuti anyamuliremo zovala, satifiketi n'kuisamutsira mu chitini cha mabisiketi.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Titalandira ufulu mu 1964 masekondale anachuluka m'maboma, yunivesite inayamba mu 1965 pa Chichiri mu Blantyre momwemo, ndipo mayeso a Cambridge analowedwa m'malo ndi athuathu amene lero timati MSCE. Pulayimale yaulere itabwera mu 1994 ana anasefukira, n'chifukwa chake malo aja ophunzirirako sekondale mwa makalata (ma MCDE) anasanduka masekondale oyendera a m'madera (ma CDSS). Pakati pa zonsezi BSS inatsala m'gulu la masekondale anayi a boma otenga ana ochokera m'dziko lonse, limodzi ndi Dedza, Lilongwe Girls ndi Mzuzu Government, ndipo tsopano imaphunzitsa anyamata ndi atsikana. N'chifukwa chake dzina la mwana likatuluka pa mndandanda wa kumeneko, mudzi wonse umamva.

Tsono achimwenewo muwauze kuti pa ukale apambana ndi zaka 31, koma pa usekondale agonje. Tsiku lokamusiya mwanayo mupite nawo limodzi, sukulu ziwirizi sizitalikirana kwenikweni, akamuonetse tchalitchi cha njerwa chija kenako amunyamulire sutikesi mpaka pa geti la BSS.